Matenda amodzi, mapiritsi osiyana: mmene mankhwala a BP amagwirira ntchito m'thupi

Titatenga anthu anayi odwala BP n'kuwapempha kuti atsegule timapepala ta mankhwala awo, tingapeze mayina anayi osiyana. Wina ali ndi hydrochlorothiazide, wina amlodipine, wina enalapril, winanso atenolol. Matenda ndi amodzi, makina oyezera ndi omwewo, koma mapiritsi ngosiyana. Ndiye muwamvetsere akamacheza pa benchi ya kuchipatala. Uyu akuti mankhwala ake amamukodzetsa pafupipafupi, uyo akudandaula kutupa mapazi, winayo ali ndi kachifuwa kosatha, wachinayi akuti amangomva kutopa. Mapeto ake pamabwera funso lakuti, "Nanga abwino kwambiri ndi ati?"

Funso limeneli ndimalikonda, chifukwa yankho lake lili mu Biology yomwe mukuphunzira kale: mtima, mitsempha ya magazi, impso ndi mahomoni. Mfundo imene ndikufuna mutsale nayo ndi iyi. Mankhwala onsewa amatsitsa nambala imodzi, koma gulu lililonse limalowera khomo lake. Mukadziwa khomo limene mankhwala alowera, mutha kulosera nokha zovuta zimene angabweretse, munthu amene angamuthandize kwambiri, komanso munthu amene sayenera kuwamwa n'komwe.

Musaganize kuti iyi ndi nkhani yakutali. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Choncho n'kutheka kuti pakhomo panu pali agogo, mayi, bambo kapena amalume amene amamwa mapiritsi amenewa, ndipo amene amawawerengera zolembedwa pa kapepala ndinu.

Kodi makina aja amayeza chiyani?

M'Chichewa timati "kuthamanga kwa magazi", ndipo dzinali limasokoneza pang'ono. Makina aja sayeza liwiro la magazi ayi. Amayeza mphamvu imene magazi akukankhira makoma a ma artery, mitsempha imene imachotsa magazi ku mtima. Nambala yapamwamba ndi mphamvuyo pamene mtima wafinya n'kutulutsa magazi. Yapansi ndi mphamvu imene imatsala pamene mtima wamasuka kuti udzazenso. Zonse ziwiri zimawerengedwa mu mmHg, kutanthauza mamilimita a mercury. Munthu wamkulu wathanzi amakhala cha pa 120/80. Manambala akamafika 140/90 kapena kupitirira, pa masiku awiri osiyana, achipatala amati BP yakwera.

Choopsa chake n'chakuti BP yokwera nthawi zambiri siipweteka. Munthu amalima, amagulitsa pamsika, amaseka ndi anzake, uku makoma a mitsempha akuwonongeka pang'onopang'ono. Pakapita zaka, kamtsempha ka mu ubongo kamaphulika kapena kutsekeka, ndiye sitiroko imeneyo. Mtima umatopa chifukwa chokankha katundu wolemera tsiku lililonse. Impso ndi maso nazo zimavutika.

Zinthu zitatu zimene zimakweza mphamvuyi

Ganizirani thiredo pampu ya kudimba ndi payipi yake. Mphamvu ya madzi m'payipimo ingakwere m'njira zitatu: wopalasa akapalasa mofulumira, madzi akachuluka m'njiramo, kapena wina akapana kukamwa kwa payipi ndi chala. M'thupi zilinso choncho. Pampu ndi mtima, umene umatulutsa pafupifupi malita 5 a magazi pa mphindi munthu akangokhala. Kuchuluka kwa madzi amene ali m'magazi kumayang'aniridwa ndi impso. Payipi ndi mitsempha, makamaka timitsempha ting'onoting'ono totchedwa ma arteriole, tomwe tili ndi minofu yozungulira m'makoma mwake ndipo timatha kuthina kapena kumasuka.

Amene mukuphunzira Physics mukumbukire lamulo la Ohm, V = IR. Apa n'chimodzimodzi: BP imafanana ndi magazi amene mtima ukutulutsa pa mphindi, kuchulukitsa ndi resistance ya mitsempha, kutanthauza kuvuta kwa njira imene magaziwo akudutsa. Dokotala wa ku France, Jean Poiseuille, anaonetsa cha m'ma 1840 kuti resistance ya kapayipi imadalira kwambiri kukula kwa bowo lake. Bowo likachepa ndi theka, resistance imachulukira ka 16. Likangokula ndi gawo limodzi mwa magawo 10, resistance imatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Mwaona? Kusintha kwakung'ono m'mitsempha kumasintha BP kwambiri.

Ndiye mankhwala a BP alibe matsenga. Amachepetsa madzi, amamasula mitsempha, amadula uthenga umene umalamula mitsempha ndi impso, kapena amaziziritsa mtima. Tiyeni tilowe khomo lililonse.

Khomo loyamba: impso

Apa mtsogoleri ndi hydrochlorothiazide, amene ambiri amangoti HCT. Ali m'gulu la ma thiazide, limene linayamba kugwiritsidwa ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1950.

Paja impso zimasefa pafupifupi malita 180 a madzi patsiku, koma mkodzo umene timataya ndi lita imodzi ndi theka basi, kapena kupitirira pang'ono. Otsalawo amabwezedwa m'magazi pamene akudutsa mu nephron, ndipo lamulo lake n'lakuti kumene sodiyamu wapita, madzi amatsatira. HCT amagwira pa distal convoluted tubule. Amatseka kakhomo kamene kamabwezera sodiyamu ndi chloride m'magazi, choncho mcherewo umapitirira kukatuluka ndi mkodzo, madzi nawo n'kulondola. Madzi akachepa m'mitsempha, BP imatsika. Pakatha milungu ingapo thupi limabwezeretsa madzi ambiri mwa amene linataya ndipo kukodzakodza kuja kumachepa, koma BP imakhalabe yotsika chifukwa pofika nthawi imeneyo mitsempha imakhala itamasukako.

Tsopano loserani zovuta zake. Kukodza pafupipafupi m'masiku oyamba, n'chifukwa chake amamwedwa m'mawa kuti munthu agone bwino usiku. Potaziyamu amatsika, chifukwa sodiyamu wambiri akafika kumapeto kwa nephron, impso zimabweza wina pomusinthanitsa ndi potaziyamu, ndipo potaziyamuyo ndi amene amatayika. Akachepa kwambiri, minofu imafooka kapena kukokana. Komanso uric acid amakwera m'magazi, ndipo kwa ena zimenezi zimadzutsa gout, matenda amene amatupitsa ndi kupweteketsa chala chachikulu cha kuphazi. Shuga wa m'magazi naye akhoza kukwerako pang'ono.

Pali phunziro lina apa. Furosemide, amene ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti Lasix, amakodzetsa kwambiri kuposa HCT chifukwa amagwira pa loop of Henle, pamene sodiyamu wochuluka amabwezedwera. Komabe kwa munthu wa BP wamba, amene impso ndi mtima wake zili bwino, HCT ndi amene amasankhidwa. Furosemide amagwira mwamphamvu kwa maola ochepa kenako n'kutha, pamene BP imafuna mankhwala ogwira modekha tsiku lonse. Ndiye mawu akuti "mankhwala amphamvu" muziwasamala.

Khomo lachiwiri: minofu ya m'makoma a mitsempha

Kuti mnofu ufinyike, kalashiamu amayenera kulowa m'maselo ake kudzera pa timakomo tapadera. Amlodipine ndi nifedipine amatseka timakomo timeneti m'minofu ya ma arteriole. Kalashiamu akalowa wochepa, mnofu umamasuka, bowo limakula, resistance imatsika. Musade nkhawa ndi mafupa: mankhwalawa sachotsa kalashiamu m'thupi, amangomuletsa kulowa m'maselo a minofu imeneyi.

Amlodipine ali ndi ubwino wina waukulu, amakhalitsa m'magazi. Pamatenga maola 30 mpaka 50 kuti theka lake lichoke m'thupi. N'chifukwa chake piritsi limodzi patsiku limakwana, ndipo munthu akachedwa kumwa ndi maola angapo, BP siilumpha nthawi yomweyo.

Zovuta zake zimachokera pa kumasuka kwa mitsempha komweko. Mitsempha ya kumutu ndi kunkhope ikamasuka, ena amamva mutu kapena kutentha kumaso, makamaka masiku oyamba. Koma chimene chimadziwika kwambiri ndi kutupa kwa akakolo ndi mapazi. Chifukwa chake n'chosangalatsa. Amlodipine amatsegula njira yolowera mu ma capillary, koma satsegula mofanana njira yotulukira ya ku ma vein. Magazi amapanikizana mu ma capillary, madzi ena n'kutayikira m'minofu, ndipo popeza munthu amakhala choimirira kapena chokhala tsiku lonse, madziwo amakadikha kumapazi. Onani kuti madzi sanachuluke m'thupi, angosamuka malo. Choncho mankhwala okodzetsa sathandiza kwenikweni pa kutupa kwa mtundu umenewu. Achipatala amachepetsa mlingo, amasintha mankhwala, kapena amawonjezera a gulu limene tikupitako tsopano.

Khomo lachitatu: uthenga wa mahomoni

Ili ndi khomo lovutirapo, koma tiyeni tiyende nalo pang'onopang'ono. Impso zikaona kuti magazi akufika ndi mphamvu yochepa, zimatulutsa enzyme yotchedwa renin, imene Robert Tigerstedt ndi wophunzira wake Per Bergman anaitulukira mu 1898. Renin imadula puloteni yopangidwa ndi chiwindi, n'kupanga angiotensin I, amene payekha alibe mphamvu yambiri. Kenako enzyme ina yotchedwa ACE, imene imapezeka yambiri m'mitsempha ya m'mapapo, imamusandutsa angiotensin II. Ameneyu ndiye bwana. Amathinitsa mitsempha, amadzutsa ludzu, komanso amalamula ma adrenal gland kuti atulutse aldosterone, homoni imene imauza impso kuti zisunge sodiyamu ndi kutaya potaziyamu. Munthu akataya magazi pa ngozi, dongosolo limeneli limapulumutsa moyo. Likamagwira ntchito mopitirira tsiku ndi tsiku, limakweza BP.

Captopril, enalapril, lisinopril ndi perindopril amatseka ACE. Mayina awo onse amathera ndi "pril", ndiye n'ngosavuta kuwazindikira. Mbiri yawo inayambira pa njoka. M'zaka za m'ma 1960, wasayansi wa ku Brazil, Sérgio Ferreira, anapeza kuti mu ululu wa njoka ya kwawoko yotchedwa Bothrops jararaca muli tizinthu timene timagwetsa BP. Pambuyo pake David Cushman ndi Miguel Ondetti, a ku kampani ya Squibb ku America, anatengera nzeru imeneyi n'kupanga captopril, amene analoledwa kugwiritsidwa ntchito mu 1981. M'piritsimo mulibe ululu wa njoka ayi, anangoonera kapangidwe kake.

Nanga kachifuwa kaja kamachokera kuti? ACE ili ndi ntchito yachiwiri, yophwanya kachinthu kotchedwa bradykinin. Mukaitseka, bradykinin amaunjikana m'njira za mpweya n'kumakanda kukhosi. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 amene amamwa mankhwalawa amakhala ndi chifuwa chouma chopanda makhololo. Kwathu kuno chifuwa chokhalitsa chimafunika kuyezetsa chifukwa cha TB, choncho munthu asamangoti ndi mankhwala. Apite kuchipatala, ndipo akanene mankhwala amene akumwa. Bradykinin yemweyo nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, amatupitsa milomo, lilime ndi kukhosi mwadzidzidzi. Izi zimachitika kwambiri mwa anthu akuda kusiyana ndi azungu, ndipo zikachitika n'zothamangira nazo kuchipatala chifukwa zikhoza kutseka mpweya.

Pali abale awo a mankhwalawa, monga losartan, amene mayina awo amathera ndi "sartan". Iwo saikhudza ACE. Amasiya angiotensin II apangidwe, koma amatseka loko imene iye amalowetsamo kiyi wake. Popeza ACE ikupitiriza kuphwanya bradykinin, chifuwa chija sichibwera kawirikawiri. Wodwala amene wavutika ndi chifuwa cha enalapril nthawi zambiri amasinthidwira kumeneku. Koma a "pril" ndi a "sartan" saphatikizidwa, chifukwa onse ali pa njira imodzi ndipo pamodzi akhoza kuvulaza impso.

Gulu limeneli lili ndi mphatso yake. Limachepetsa kupanikizika kwa magazi mu glomerulus, choncho limateteza impso za anthu a shuga amene ayamba kutaya puloteni mu mkodzo, ndipo limathandiza mtima wofooka. Limasunganso potaziyamu, mosiyana ndi HCT, n'chifukwa chake nthawi ndi nthawi pamafunika kuyeza magazi. Koma lili ndi lamulo limodzi losaphwanyika: mayi woyembekezera sayenera kumwa mankhwalawa. Impso za mwana wosabadwa zimadalira dongosolo la angiotensin kuti zikule bwino, ndipo kulitseka kungamuvulaze kwambiri. Kwa amayi oyembekezera achipatala amagwiritsa ntchito mankhwala ena, monga methyldopa, amene amagwira mu ubongo pochepetsa uthenga wothinitsa mitsempha, kapena nifedipine, labetalol ndi hydralazine.

Khomo lachinayi: mtima

Mukadzidzimuka, kapena mphunzitsi akakutchulani mosayembekezera, mtima umagunda mofulumira. Imeneyo ndi ntchito ya adrenaline ndi mnzake noradrenaline, amene amakalowa m'maloko otchedwa ma beta receptor. Atenolol ndi propranolol amatseka maloko amenewa, n'chifukwa chake amatchedwa ma beta blocker, ndipo mayina awo amathera ndi "olol". Mtima umagunda pang'onopang'ono komanso mosakankha kwambiri, ndipo impso nazo zimatulutsa renin yochepa. Propranolol anapangidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi James Black wa ku Scotland, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1988.

Apanso loserani. Mtima ukaletsedwa kufulumira, munthu amatopa msanga akamakwera phiri kapena kupalasa njinga, ndipo manja ndi mapazi zimatha kuzizira. Chofunika kwambiri n'chakuti maloko a beta alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. A beta-1 ali ambiri mu mtima, a beta-2 ali m'njira za mpweya ndipo ntchito yawo ndi kuzitsegula. Salbutamol, mankhwala opopera m'kamwa a anthu a mphumu, amadzutsa beta-2. Propranolol amatseka mitundu yonse iwiri, ndiye kwa munthu wa mphumu akhoza kubweretsa kubanika koopsa. Atenolol amakonda beta-1, komabe naye amaperekedwa mosamala. Kwa munthu wa shuga amene amabaya insulin, mankhwalawa amabisa kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera, zizindikiro zimene zimamuchenjeza kuti shuga watsika.

Komanso ma beta blocker sasiyidwa mwadzidzidzi. Maloko akatsekedwa nthawi yaitali, thupi limapanga ena owonjezera. Munthu akangosiya kumwa, adrenaline amapeza maloko ambirimbiri ali pululu, mtima n'kuthamanga kuposa poyamba.

Masiku ano gulu limeneli silikhala loyamba kwa munthu amene vuto lake ndi BP yokha, chifukwa pa kuteteza sitiroko limatsalira pang'ono poyerekeza ndi magulu enawo. Malangizo a World Health Organization a mu 2021 amati poyambira pakhale ma thiazide, gulu la amlodipine, kapena a "pril" ndi a "sartan". Koma kwa munthu amene anadwalapo mtima chifukwa cha kutsekeka kwa mitsempha yake, kapena amene mtima wake umagunda mothamanga ndi mosalongosoka, beta blocker ndi wofunika zedi.

Nanga akawapikisanitsa, amapambana ndani?

Asayansi anayesa. Kafukufuku wamkulu wotchedwa ALLHAT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsatira anthu oposa 33,000 a zaka 55 kupita m'tsogolo, makamaka ku America, kwa zaka pafupifupi 5. Ena anapatsidwa chlorthalidone, m'bale wake wa HCT, ena amlodipine, ena lisinopril. Pa imfa za matenda a mtima ndi kutsekeka kwa mitsempha ya mtima, magulu atatuwa anafanana. Kusiyana kunaoneka pa zina. Chlorthalidone, mankhwala akale ndi otsika mtengo, anateteza bwino kufooka kwa mtima. Ndipo mwa anthu akuda, amene analipo pafupifupi mmodzi mwa atatu, lisinopril sanatsitse BP mofanana ndi enawo, ndipo sitiroko zinali zambiri.

Chifukwa chake mwachidziwa kale mukaganiza za makomo aja. Anthu ambiri ochokera ku Africa amene ali ndi BP amakhala ndi renin yochepa, ndipo thupi lawo limasunga mchere kwambiri. Kutseka njira imene ikuyenda kale pang'onopang'ono sikusintha zambiri. Kutulutsa mchere kapena kumasula mitsempha mwachindunji n'kumene kumagwira. Koma chenjerani: uku ndi kuwerengera gulu lonse. Sizikutanthauza kuti enalapril sagwira ntchito mwa munthu wakuda aliyense. Akaphatikizidwa ndi mankhwala ena amagwira bwino, ndipo kwa wa shuga amene impso zayamba kuvuta amafunikabe.

Mu 2019 kunatuluka kafukufuku wa kuno ku Africa wotchedwa CREOLE, wotsogozedwa ndi Dike Ojji wa ku Nigeria. Anthu 728 a m'mayiko 6, kuphatikizapo Mozambique, South Africa, Kenya ndi Uganda, anapatsidwa mankhwala awiriawiri kwa miyezi 6. Amene ankamwa amlodipine pamodzi ndi HCT, kapena amlodipine pamodzi ndi perindopril, nambala yawo yapamwamba inatsika ndi pafupifupi 3 mmHg kuposa amene ankamwa perindopril ndi HCT. Mungati 3 n'chiyani? Kwa munthu mmodzi ikuoneka yochepa, koma pa anthu mamiliyoni ndi sitiroko zambiri zopewedwa. Asayansi amene mu 2016 anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 123 anapeza kuti nambala yapamwamba ikatsika ndi 10 mmHg, chiopsezo cha sitiroko chimatsika ndi pafupifupi kotala. Phindu lalikulu limachokera pa kutsika kwa BP kwenikweniko, kaya yatsitsidwa ndi gulu liti.

N'chifukwa chiyani ena amamwa mitundu iwiri kapena itatu?

Anthu ena amachita mantha akawonjezeredwa piritsi lachiwiri, amaganiza kuti matenda afika poipa. Nthawi zambiri si choncho. Thupi limakonda kubwezera zinthu mwakale, paja ndi homeostasis imeneyo. HCT akachepetsa madzi, impso zimaona ngati pachitika ngozi n'kutulutsa renin yambiri, BP n'kuyamba kukweranso. Mukawonjezera enalapril, mwatseka njira yobwererayo. Komanso wina amataya potaziyamu, mnzake amasunga, ndiye amakonzerana. Amlodipine ndi enalapril nawo amagwirizana: enalapril amamasulanso mbali yotulukira ya ma capillary, choncho kutupa mapazi kuja kumachepa.

Kafukufuku waonetsa kuti kuwonjezera mankhwala a gulu lina kumatsitsa BP kangapo kuposa kungowirikiza mlingo wa mankhwala amodzi, pamene kuwirikiza mlingo kumachulukitsa zovuta. Timilingo tochepa ta mitundu iwiri timaposa mlingo waukulu wa mtundu umodzi.

Zimene mungachite pakhomo

Sindikukuphunzitsani kuti muyambe kusankhira anthu mankhwala, imeneyo ndi ntchito ya achipatala amene amayeza munthu ndi kuona mbiri yake. Koma ndi zimene mwadziwazi mutha kuletsa zolakwika zingapo zimene zimachitika kawirikawiri.

Choyamba ndi kubwerekana mapiritsi. Mayi a pakhomo mankhwala awathera, anzawo oyandikana nawo n'kuwagawira awo poti "onse ndi a BP". Mwaona kale kuti enalapril wa agogo akhoza kuvulaza mwana wa m'mimba mwa azakhali, ndipo propranolol wa amalume akhoza kubanikitsa munthu wa mphumu.

Chachiwiri ndi kusiya mankhwala poti munthu akupeza bwino. Mapiritsiwa sachotsa chimene chinayambitsa BP, amangoigwira. Manambala abwino ndi umboni wakuti akugwira ntchito, ndipo akasiyidwa BP imabwerera mwakachetechete. Ngati pali chovuta, kaya chifuwa, kutupa kapena chizungulire poimirira, njira ndi kukanena kuchipatala. Makomo alipo angapo, limodzi likavuta amayesa lina.

Chachitatu ndi zinthu zimene zimalimbana ndi mankhwala. Mchere wambiri umafooketsa ntchito ya HCT ndi enalapril. World Health Organization imalangiza mchere wosafika magalamu 5 patsiku, cha pa kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa mu ndiwo, mu nsomba zouma zothira mchere ndi m'zokometsera zogula. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, akamamwedwa kawirikawiri, amapangitsa impso kusunga mchere ndi madzi, ndipo pamodzi ndi HCT ndi enalapril akhoza kuvulaza impso. Mowa wambiri nawo umakweza BP, pamene fodya amawononga mitsempha yomwe tikufuna kuiteteza.

Chachinayi n'chosavuta: thandizani wodwala kudziwa dzina la mankhwala ake ndi mlingo wake, osati mtundu wa piritsi wokha, chifukwa tiwiri toyera tikhoza kukhala mankhwala osiyana kotheratu. Popita kuchipatala asaiwale kabuku kake.

Dziyeseni

Musanatseke tsambali, yesani kuyankha mafunso awa osayang'ana m'mwamba. Pa lililonse, yambani mwadzifunsa kuti mankhwalawo alowera khomo liti.

1. Bambo wina ali ndi BP komanso gout. Ndi gulu liti limene lingamuvutitse, ndipo chifukwa chiyani?
2. N'chifukwa chiyani losartan sayambitsa chifuwa kawirikawiri ngati enalapril, chonsecho onse amalimbana ndi angiotensin II?
3. Bowo la arteriole likachepa ndi theka, resistance imachulukira kangati? Ndi mankhwala ati amene amagwira mwachindunji pamenepa?
4. Mayi wina wa BP amene amamwa enalapril wazindikira kuti ndi woyembekezera. Achite chiyani tsiku lomwelo, ndipo chifukwa chiyani?

Mukayankha onse anayi mofotokoza chifukwa chake, ndiye kuti nephron, mahomoni ndi kayendedwe ka magazi mwazimvetsa ndithu. Funso lachinayilo kambiranani ndi anzanu m'kalasi, chifukwa yankho lake ndi limene tsiku lina lingathandize munthu wa pakhomo panu.